Tsiku Limene Foni Inatsekedwa Pakamwa

"Foni imeneyo usaitseke pakamwa lero, Tensiya. Amako ali kuchipatala."

ANangozo ananena zimenezi ataima pakhomo, khasu lili paphewa, dzuwa likungosuzumira kuseri kwa phiri. Mdzukulu wawo Hortência, amene iwo ankamuitana kuti Tensiya poti dzina lonselo linkawapinda lilime, anali atayala kale mphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, mabuku ataunjika pambali. Pabwalo ponsepo ndi pansi pa mtengo umenewo pokha pamene foni inkagwira bwino redi, netiweki ija, ndipo inali ndi mphanda yakeyake yoikhazikapo.

"Ndamva, agogo."

"Wamva ndi khutu. Zala zako ndikuziona, zikuchita zina."

Hortência anaseka osadzutsa mutu. Machenjezo a agogo akewo anakula nawo. Usamwe madzi ozizira uli ndi thukuta. Usakwere mota, njinga yamoto ija, ya mnyamata wovala magalasi akuda. Usayankhe wina akakuitana m'chimanga. Usadye bolu, keke uja wa pamsika wa Domwe. Anamwa madziwo, anakwera motazo, anadya boluyo, ndipo anali wamoyo, wonenepa masaya, wa zaka zoti n'kukwatiwa akanafuna.

Koma za lerozi sizinali za bolu. Bernardina, mwana woyamba wa aNangozo, mayi wake wa Hortência, anali kuchidikiro kuchipatala cha kutsidya kwa malire, ku Dedza ku Malawi, kumene anthu a mbali ino amathamangira poti n'kufupi kusiyana ndi ku Vila, tawuni yawo yaikulu. Mimba inamupeza atakula kale, miyendo inatupa, zikhatho zinayera ngati ufa. Anamwino ananeneratu kuti tsiku lochira likafika pakhoza kufunika magazi, choncho wachibale akhale pafupi. Emília, mng'ono wake wa Bernardina amene ankamudikirira, anamwinowo anamukana chifukwa anali atangodzuka kumene malungo. Inácio, mwamuna wa Bernardina, anali ku Joni. Atayeza Hortência anapeza kuti magazi ake ndi a mayi ake ndi amodzi.

Hortência akanakhala konko. Koma ezame, mayeso aakulu otsiriza shikola, inkayamba Lolemba, ndipo Bernardina mwiniwake ndiye anamuthamangitsa. "Pita ukawerenge," anatero. "Ukhala pano kundiyang'ana mimba? Zikavuta Emília aimba, iwe ukwere mota." Pangano linali limenelo, ndipo lonse linatsamira pa foni imodzi ija ya pa mphanda.

M'fonimo munali chinthu chimene ana a shikola ankachitcha apulikativu. Anawaonetsa ndi pulofesoli, mphunzitsi wawo. Umalembamo chimene ukufuna kudzakhala, ndipo pamwamba penipeni Hortência analemba kuti akhoze ezame, akaphunzire unamwino ku Tete. Chinthucho chinkamugawira tsiku m'zigawozigawo: apa masamu, apa za thupi la munthu, apa pumula, apa katunge madzi. Kabelu kakalira ayambe, kakaliranso aleke. Akayamba kuwerenga, pagalasi pankadzalidwa kambewu. Akaisiya foni osaigwira, kambewuko kankakula n'kukhala mtengo. Akangoigwira nthawi isanakwane, mtengowo unkafota pomwepo. Anzake a m'kalasi ankaonerana nkhalango zawo, ndipo ya Hortência ndiyo inali yowirira kuposa zonse, kumbuyo kwake kukubwera mnyamata wina dzina lake Nércio.

Tinene zoona, chinthucho chinamuthandiza mwanayo. Chaka chatha ankangokhalira kuonera anthu akuvina pafoni mpaka ndiwo kupserera, ndipo masamu anagwa nawo. Chaka chino pulofesoli anachita kuima panjira ya ku Fonte Boa n'kuuza aNangozo kuti mdzukulu wawo wasanduka munthu wina. ANangozo anathokoza ndi manja awiri, koma mumtima sanachikonde chinthu chimene chimalamula mwana kuposa mayi ake.

"Taonani, agogo," anatero Hortência, akuwaonetsa galasilo ngati iwo akanatha kuwerenga. "Lero Loweruka tapangana tonse kudzala mlambe. Mlambe umafuna tsiku lathunthu, kuyambira pano mpaka dzuwa lilowe. Nércio akuti ine sindingathe."

"Nércio ndi mbale wako? Amake ali kuchidikiro?"

"Agogo, ndinakuuzani kale. Ena onse akaimba, foni siilira. Koma mayi aang'ono ndinawasiyira khomo. Nambala yawo ikaimba, ilira ngakhale nditatseka chotani. Paja tinayesa inu muli pomwepo."

Anayesadi. Tsiku lonyamuka, Emília anaima pafupi ndi nkhokwe n'kuimba, foni yotsekedwayo n'kulira, onse n'kuseka. ANangozo anaona ndi maso awo. 

"Ine chinthu chosankha anthu oti chiwamvere sindichikhulupirira," anatero. "Itsegule lero lokha. Mitengo yakoyo udzadzala mawa."

Chala cha Hortência chinagunda pagalasi. Kambewu kanagwera m'dothi lojambula. Anaikhazika foni pa mphanda n'kutsegula buku.

Kumunda aNangozo sanalime. Anakoka mizere ingapo yokhotakhota, n'kumangoima, kuyang'ana kumsewu wa kumalire, ku Kalomwe. Iwo ankadziwa chimene uthenga umachita. Nthawi ya nkhondo, amene anamva msanga ndi amene anaoloka ndi ana awo ali moyo. Amene uthenga unawaphonya, mayina awo okha ndiwo anatsala. Iwo anaoloka Bernardina ali kumsana. Chibwerereni kwawo kuno sanapondenso tsidya lija, ngakhale kukagula mchere. Ankati anakhalako mokwana.

Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerera kale.

"Yalira?"

"Ayi."

"Mwina yalira iwe uli kuseri."

"Sindinachoke pano, agogo."

Anayandikira mphanda ija n'kusuzumira. Pagalasi panali kamtengo kobiriwira, kamimba tuu, masamba akugwedezeka ngati kuli mphepo. Kanali chete. Kukhala chete kumeneko n'kumene kunkawadya. Foni ya masiku onse imasokosa, ana a shikola, anthu olakwitsa nambala, a kampani otsatsa zinthu. Iyi inangoti duu ngati munthu amene akudziwa kanthu koma walumbira.

"Imba ndiwe, umve kuti agona bwanji."

"Ndikaigwira mlambe ufota. Ndipo kukanakhala vuto akanaimba. Akakhala chete ndiye kuti zili bwino."

"Wakufa nayenso amakhala chete."

"Agogo! Mawu otani amenewo?"

ANangozo analavula pansi, kuchotsa mawuwo m'kamwa, n'kulowa m'nyumba. Anatenga lichero la nyemba kuti asankhe, koma ankangotaya zabwino n'kusunga zofumbwa. Kabelu kanalira panja. Anatuluka lichero lili m'manja.

"Ndi kopumulira chabe," anatero Hortência, akudziongola. "Ndikupita kuchitsime. Musaigwire."

Ndowa itangozimirira kuseri kwa nthochi, aNangozo anapita pa mtengo paja. Anaichotsa foni pa mphanda n'kuigwira m'manja awiri ngati dzira. Sanadziwe pogunda. Anaona kachizindikiro kofiira m'munsi, chala chawo chokhakhala n'kuima pamwamba pake. Nanga akagunda polakwika, n'kufufuta zonse zimene mwana wawerenga chaka chonse? Iwo ankaganiza kuti mwina nzeru zakezo zimasungidwa momwemo. Nanga akaiononga, Emília n'kuimba osaipeza? Anaima choncho, chala m'mwamba, mpaka anamva ndowa ikugwa kumbuyo kwawo.

"Agogo, ikeni pansi!"

Hortência anailanda, n'kuyang'ana pagalasi, n'kupuma mwamphamvu ataona kuti mlambe ulipo. Madzi anali atamukhavukira pa siketi.

"Mukufuna chiyani kwenikweni? Chilichonse chimene ndingagwire, inu mumaonapo maliro. Ndikanamvera zanu zonse bwenzi ndisanatulukepo pakhomo pano. Mukufuna ndidzakalambe ndikukumba mbatata, osadziwa ngakhale kulemba dzina langa?"

Mawuwo atatuluka, mwiniwake anagwira pakamwa. ANangozo anayang'ana manja awo. Anawapukuta pachitenje ngakhale anali ouma.

"Werenga," anatero.

Anachoka pang'onopang'ono. Mwina mwana akunena zoona, anaganiza. Ndi kangati anachenjeza, osachitika kanthu? Mwina mantha ndi matenda awo, ngati nyamakazi. Komabe miyendo inawatengera kwa a Conceição, oyandikana nawo, kukafunsa ngati angabwereke foni. Anapeza a Conceição akusenda chinangwa. Foni inapita ndi bambo wa pakhomopo ku Domwe kukagulitsa chimanga.

"Nanga nambala ya Emília mukuidziwa, aNangozo?"

Sankaidziwa. Manambala onse ankakhala m'foni ya Hortência.

Masana anatentha ngati mvula ili pafupi. Mitambo inaunjikana cha ku Dedza n'kumangoda, osagwa. Hortência anadya ataimirira, buku lili kudzanja lina. Pagalasi mlambe unali utatambasula nthambi. ANangozo anakhala pakhonde, msana kukhoma, maso kunjira. Mota iliyonse yodutsa kumsewu ankaiperekeza ndi khutu mpaka izimirire.

Dzuwa litapendeka anaona njinga ikutsika chitunda. Anamuzindikira wopalasayo: Osvaldo, bambo wonyamula matumba a mbatata kupita nawo ku Kalomwe ndi kutsidya. Munthu ameneyu pobwerera sabwera chimanjamanja, amanyamula sopo, shuga, mafuta a eni magolosale. Lero kaliyala inali yopanda kanthu, ndipo ankapalasa ataimirira.

ANangozo anadzuka asanafike.

"Odi pano!" Osvaldo anatsika njinga isanaime bwino. Malaya anali atamatirira kumsana. "Mwaswera bwanji, amayi? Pepani, moni tidzapatsana bwino tsiku lina. Kodi foni ya pakhomo pano inagwera m'chitsime?"

"Nenani, a Osvaldo."

"A Emília akhala akuimba chiyambire m'mawa. Mpaka anasiya wodwala n'kutuluka kumsewu kufunafuna munthu wa kwathu kuno. Andipeza ine pamsika ndikutsitsa matumba. Akuti mwana wabadwa, koma mayi akutaya magazi. Akuti wa magazi uja abwere msanga."

Hortência anali ataimirira, buku lili pansi. "Sanaimbe," anatero. "Sanaimbe ayi. Ikanalira. Ndinawasiyira khomo."

Anathamangira pa mphanda. Anagunda pofiira paja. Chinthucho chinamufunsa kaye ngati akufunadi kupha mtengo wake, iye n'kugundanso, kawiri, katatu. Mlambe unasanduka chitsa. Kenako foni inayamba kunjenjemera m'manja mwake osaleka, ndipo pagalasi panatsika mzere wautali wofiira. ANangozo sankadziwa kuwerenga, koma anaona kuti zolembazo n'zofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, munthu mmodzi kugogoda khomo limodzi.

"Nambala iyi si yawo," anatero Hortência. "Sindikuidziwa."

Osvaldo anasuzumira. "Ndi yawo imene. Ya ku Malawi. Nanga munthu akaoloka sasintha kalatau, kakhadi ka m'foni kaja? Redi ya kuno ingalowe m'chipatala muja?"

Hortência anatembenuza foni yake. Kuseri, pansi pa chikuto chapulasitiki, panali kakalatau kake ka ku Malawi, kamene iye mwini ankalowetsa nthawi zonse akangodutsa Kalomwe. Aliyense wa m'malire muno amatero, ngakhale ana. Iye anatsegulira khomo nambala ya kuno, imene Emília anaimbira ataima pafupi ndi nkhokwe. Ya kutsidya sanailembe n'komwe.

Anaimba nambalayo. Inalira mpaka kuduka. Anaimbanso. Inalira mpaka kuduka.

"Eugénio ali pamphambano ndi mota yake, ndamuuza kale adikire," anatero Osvaldo. "Thamanga, mwanawe."

"Ndipita nawo," anatero aNangozo.

"Agogo, inu mota simukwera."

"Lero ndikwera."

Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje china ndi kolona m'manja. Chitseko sanatseke. A Conceição anali atafika kale pabwalo, manja kumutu, ndipo ndi iwo amene anatola mabuku pa mphasa.

Eugénio anali mnyamata wovala magalasi akuda. ANangozo anawaona magalasiwo, n'kukwera ndithu. Anakhala pakati, Hortência kumbuyo atawakumbatira, ndipo mota inauluka pa mabampu ndi m'mikwasa, fumbi likulowa m'mano. Anatseka maso. Kumsana kwawo ankamva mtima wa mdzukulu wawo ukugunda, ndiponso kamlomo kake kakunong'ona pafupi ndi khutu lawo: "Tifika, tifika, tifika." Dzanja limodzi la mtsikanayo linali pafoni, kuimba, kuduka, kuimba.

Pa Kalomwe malole anali atandanda mpaka kutali. Osintha ndalama anawathamangira akukupiza mipukutu yawo, onyamula katundu akuliza mabelu a njinga. Eugénio anakuwa kuti, "Kuchipatala! Wodwala!" Wa yunifolomu wina anawaimitsa, n'kufunsa mapepala. Hortência anayamba kufotokoza m'Chipwitikizi, mawu akumuthawa, kenako anangolira m'Chinyanja kuti mayi ake akufuna magazi ake. Bamboyo anayang'ana gogoyo, anayang'ana mtsikanayo, n'kukweza dzanja kuti adutse.

Motero aNangozo anapondanso tsidya lija. Sanayang'ane uku kapena uku. Madontho oyamba a mvula anayamba kuwamenya kumaso, akuluakulu, otentha.

Kuchipatala, kuseri kwa chipinda cha amayi oyembekezera, azimayi odikirira odwala anali akuthawitsa nkhuni ndi mapoto awo kumvula. Ataona gogo ndi mtsikana akubwera chothamanga, mmodzi anakodola mnzake. Phokoso linatha. Ena anayang'ana pansi. Mayi wina wachikulire anasuntha beseni lake kuti apereke njira, ndipo anachita zimenezo mwaulemu wopitirira.

ANangozo anachepetsa liwiro. Miyendo inadziwa mutu usanadziwe.

Emília anakhala pakhonde la simenti, miyendo atatambasula. Pambali pake panali beseni la Bernardina, mbale ndi bulangete zili m'kati, zonse zitamangidwa bwinobwino m'chitenje. M'manja mwake munali kamtolo ka nsalu zoyera.

Hortência anafika akupinda kale dzanja la malaya ake. "Mayi aang'ono, ndabwera. Ndabwera. Akutengera kuti magazi? Ndilowe khomo liti?"

Emília anamuyang'ana nthawi yaitali. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Tsitsa dzanjalo," anatero.

"Ndabwera, mayi aang'ono, foni inali..."

"Tsitsa dzanjalo, Hortência."

Kenako anatembenukira kwa aNangozo, ndipo apo m'pamene mawu ake anasweka. "Amayi, achemwali atisiya. Madokotala ayesetsa, amayi, ndaona ndi maso anga. Anawapatsa magazi amene anali nawo, anatumiza kukatenga ena, koma kutaya kwake sikunaleke. Ine ndaimba. Ndaimba mpaka chala kuwawa. Ndinawapempha atenge anga omwewa, anakana."

ANangozo anakhala pansi pomwe anaimapo, pamvula. Kulira sikunabwere msanga. Anangogwira mfundo ya chitenje chomanga beseni chija, poti ankachidziwa, anagula okha.

"Anandifunsa?" anatero Hortência. Mawu ake anali aang'ono ngati a kamwana.

Emília anazengereza. Anayang'ana amayi ake ngati akupempha chilolezo chonama, koma aNangozo sanadzutse mutu.

"Chakum'mawa ankafunsa. Chitseko chikatseguka ankati, ndi Hortência? Masana atafooka anandigwira dzanja n'kunena kuti, leka kuimba, Emília, usamusokoneze, mwana ali ndi ezame."

 Foni inamupulumuka Hortência n'kugwera pasimenti, ndipo panalibe amene anaitola. Anagwada, mutu n'kuugunditsa pa mawondo a Emília, m'pamene kulira kunabwera, kulira kwakukulu kumene kunadzutsa azimayi onse aja n'kuwabweretsa pafupi. Kamtolo ka nsalu zoyera nako kanayamba kulira, mawu opyapyala ngati a mwana wa mbuzi.

ANangozo anali ndi mawu ambiri pa moyo wawo, ndipo tsiku limenelo anali nawo ena okonzeka kale pa lilime. Anayang'ana msana wa mdzukulu wawo ukugwedezeka, malaya atanyowa ndi mvula, dzanja limodzi likadali lopinda mpaka m'chigongono. Anawameza mawuwo. Anakwawa n'kumuvundikira ndi chitenje chimene anabwera nacho.

Patapita nthawi Emília anapukuta kumaso. "Ndiyenera kukaona za galimoto ndi mapepala a pa malire, tisagone kuno ndi maliro," anatero. "Amayi manja akunjenjemera. Dzuka, Hortência. Landira mlongo wako. Chiyambire sanayamwe."

Hortência analandira. Sanadziwe kogwira mutu, mayi wachikulire uja ndiye anamukonzera mkono.

Anaika maliro Lolemba, atadikira achibale a Inácio ochokera ku Domwe. M'mawa umenewo, pamene Nércio ndi anzake ankalowa m'chipinda cha ezame ku Vila, Hortência anali m'nyumba ya siwa pakati pa azimayi, maso atatupa, khanda lili pamiyendo, akuphunzira kulidonthezera mkaka ndi kasupuni.